Dzanja Lobwereka

Piyano inali pabalaza, pakati pa zenera ndi kabati ya mbale, moti wofuna kupita kukhitchini ankayenda chammbali. Kwa zaka makumi anayi inali ya munthu mmodzi. Ana a m'nyumbamo anakula akudziwa kuti atha kuswa kapu, kutaya kiyi wa chitseko, ngakhale kulephera mayeso, mlandu wake n'kutha tsiku lomwelo, koma osayerekeza kuika chala pa piyano ya bambo. Anzawo a m'bandi ya jazi ankawatcha a Manzere, ati chifukwa dzanja lawo lamanzere linali ndi mutu wakewake. Matenda nawo ali ndi nthabwala zawo zoipa. Sitiroko itabwera, inasankha dzanja lomwelo.

Potuluka m'chipatala mkono unkangolendewera, mwendo ukukwekwereza pansi, ndipo mawu anawatsalira owerengeka: eya, iyayi, madzi, ndi ena ochepa amene ankatuluka okha pomwe sakufunika. Wowasamala anali mwana wawo womaliza, yemwe aliyense ankamuitana kuti Mzime ngakhale anali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu ndi imvi zoti n'kuzizula Lamlungu lililonse. Anali telala m'kashopu kosoka mayunifolomu. Amayi anali atamwalira kalekale. Achimwene ake ankakhala mzinda wina, pansanjika yachinayi ya nyumba yosanja, ndipo ankasamala bambo mwakhama kwambiri pa foni.

Miyezi iwiri yoyamba bambo anangotembenukira kukhoma. Mayi wa mafizo, amene ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu kudzawongola mkono, ankawanyengerera mpaka kutopa, iwo osatsegula ndi maso omwe. Phala ankalavula. Lamba wawo Mzime anamuboola mabowo awiri atsopano. Ankaona ndi maso ake kuti munthu akupita, ndipo chowatenga sanali matenda ayi, kunali kusowa chodzukira.

Loweruka lina masana Mzime akupukuta fumbi, nsanza inakanikiza makiyi atatu apansi, piyano n'kubangula nyumba yonse. Mzime anachita mantha a mwana wa zaka khumi. Posakhalitsa anamva ndodo ikugogoda simenti. Bambo anali atadzuka okha, malaya atamanga mabatani mopingasa, akubwera pang'onopang'ono atatsamira khoma. Sanakalipe. Anakhala pampando wautali wa piyano, kumapeto kwake kwa kumanja, n'kuika zala pamakiyi.

Inali nyimbo yomwe anapeka okha ali mnyamata, yopanda mawu, yopandanso dzina. A m'bandi ankangoti Yachitatu, poti inkabwera kachitatu pamndandanda wawo. Inali ndi mizere inayi. Dzanja lamanja linayamba chuni bwinobwino, koma pansi pake panali pululu. Bambo anasiya, nayang'ana malo opanda munthu kumanzere kwa mpando, kenako anayang'ana Mzime.

Mzime ankadziwa makhodi atatu, timagulu tija ta makiyi ogunda pamodzi timene timanyamula chuni: do, fa ndi so. Anawaphunzira mobisa ali mwana, bambo akapita kokayimba. Tsiku lina anamupezerera. Sanamumenye. Anaima pakhomo, namvetsera mpaka kumapeto, n'kunena mofatsa kuti, "Zala zako n'zabwino, mwana wanga. Zitha kugwira singano." Mzime anamvera, singano anaigwiradi. Tsopano, patapita zaka makumi atatu ndi zitatu, anapukuta manja pa siketi nakhala pampandopo.

Mzere woyamba anadutsa. Wachiwiri anadutsanso, do, fa, so, do, mopanda manyazi. Polowa mzere wachitatu panali kiyi mmodzi wautali, wodikira. Bambo anamugunda, namugwira, n'kuima pomwepo. Anatembenuka nayang'ana dzanja la Mzime.

"Iyayi," anatero.

Anayambiranso. Pamalo omwewo, iyayi. Kachitatu, iyayi, ulendo uno akumenya bondo ndi chibakera. Koma madzulo ake anadya mbale yonse ya supu, napempha buledi ndi chala. Kuyambira tsikulo ankadzuka, kusamba, kudikira Mzime aweruke. Tsiku lililonse mizere iwiri, kiyi wautali, kuyang'ana dzanja, iyayi. Mzime sanadabwe. Mawu amenewo anali akuwayembekezera moyo wake wonse: makhodi ake anali a kwaya ya pasukulu, ndipo makutu a a Manzere sanali ofa ziwalo.

Achimwene atamva, sanasangalale monga Mzime ankaganizira.

"Ukuti akuyimba? Amaimaliza?"

"Ayi, timalekeza pakati. Koma akudya, achimwene. Mayi wa mafizo akuti bola azidzuka."

"Iwe, munthu wolephera kumaliza nyimbo imodzi ukuti akuchira? Kuno kuli madokotala enieni. Ikatha miyezi itatu ndikubwera kudzawatenga."

"Nanga piyano?"

"Piyano ikwera bwanji masitepe anayi aja? Ukufuna ndigone panja ine, piyano igone m'nyumba?"

"Mukawachotsa pa piyano mwawapha."

Achimwene anapumira m'mwamba. "Chabwino. Ndikabwera ndidzamve nyimbo yonse, kuyamba mpaka kutha. Ndikamva, ndiwasiya. Ukufunanso chiyani?"

Mawa lake nthawi ya nkhomaliro Mzime anapita kwa a Besi. Awa anayimba ndi bambo zaka makumi awiri, akukumbatira chigitala chachikulu chija choimika pansi chotchedwa besi, ndipo dzina lawo lenileni linatayika m'njira. Tsopano ankakonza mawailesi, mafani ndi nsimbi m'kachipinda kuseri kwa sitolo ya utoto. Chiyambire matenda a mnzawo sanapondeko kunyumba. "Ndikufuna ndiziwakumbukira ali ndi manja awiri," ankatero, ngati kuti ndi ulemu. Mzime ankaona kuti ndi mantha chabe, koma sanapite kukatsutsana nawo.

Anawafotokozera zonse. A Besi anachotsa fani wopanda mutu patebulo, natulutsa kakiyibodi komwe mwini wake anakasiya chaka chatha osabweranso.

"Makhodi ukudziwa angati?"

"Atatu, amalume."

"Atatu! Ndiye ukudabwa kuti madala akukukana? Bambo ako makhodi atatuwo ankagunda pofuna kumva ngati piyano ili moyo." Anaseka mpaka kutsokomola. "Tamvera. Chuni n'cha dzanja lamanja, chimenecho sitikhudza. Chuni ndi munthu, makhodi ndi zovala. Iwe si telala? Munthu yemweyo lero suti, mawa ovolosi. Bambo ako ankaveka nyimbo, iwe ukuifunditsa chiguduli. Gunda do."

Mzime anagunda do, mi, so.

"Tsopano tsika, yambira pa la. La, do, mi. Waona? Awiri ndi omwe aja, wasintha mmodzi yekha. Amenewa ndi a mimba imodzi, wina akachoka mnzake atha kukhala pampando wake, chuni osadandaula."

A Besi anayimba mzere woyamba wa Yachitatu ndi zala zawo zakuda ndi girizi, Mzime n'kuika la pomwe ankaika do. Chuni chinali chomwecho, kiyi ndi kiyi, koma chinasanduka cha munthu amene walandira uthenga ali pakati pa kuseka. Zaka zonsezi ankamva zimenezi kudzera kukhoma la chipinda chake n'kumayesa ndi mphatso yobadwa nayo. Kani zinali zophunzirika, ndipo panalibe amene anamuphunzitsa. Zinamupweteka kuposa mmene zinamukondweretsera.

"Ndiye polowa mzere wachitatu paja ankaika khodi lanji?"

A Besi anakanda pachipumi. "Lero lina, mawa lina. Zaka makumi awiri sanabwerezepo. Ine ndinkangotseka maso n'kumapemphera."

"Nanga ndilipeza bwanji?"

"Uwayese onse. Lomwe ali nalo m'mutu akalimva, apitiriza okha."

Kuyambira pamenepo nkhomaliro ya Mzime inali ya makhodi. Anaphunzira kuika re pamalo pa fa, mi pamalo pa do, ndi kuwonjezera chala chachinayi kuti khodi likhale ndi ludzu lofuna lotsatira. Sabata yachitatu a Besi anatseka chitseko ngati akuulula chinsinsi cha banja.

"Ili ndiye la bambo ako. Gunda so, ti, re, fa. Mwa anayiwa ogwira ntchito ndi awiri okha, ti ndi fa. Enawo ndi operekeza. Sunga awiriwo, pansipo chotsa so, uike kiyi wakuda uyu woyandikana ndi do. Eya. Tsopano pita pa do."

Khodi silinadumphe monga so amadumphira. Linangotsetserekera kunyumba.

"Ankachita dala kuti andisocheretse," anatero a Besi. "Ine ndili pa so, iwo ali kale pa wakuda, akundiseka ndi mapewa."

Kushopu Mzime anajambula makiyi ndi choko m'mphepete mwa tebulo lodulirapo nsalu. Akadikira nsimbi itenthe, dzanja lamanzere linali pamenepo, likutambasuka, likupindika. Anzake ankati walowa tchalitchi chatsopano. Tsiku lina analumikiza mkono wa malaya a mlonda chadodolido, abwana n'kumufunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Dzanja linkamuwawa kuyambira pa chala chaching'ono mpaka m'chigongono, poti la bambo linali lalikulu, lake laling'ono, ndipo makhodi ena ankafuna kuti ang'ambike.

Akaweruka ankapeza bambo atakhala kale pampando, tsitsi atapesa mbali imodzi. Mizere iwiri ija ankaiyimba monga kale, do, fa, so, ndipo pa kiyi wautali Mzime ankaika khodi la tsikulo. Anaika la. Iyayi. Anaika mi wa zala zinayi. Iyayi. Anaika khodi la kiyi wakuda lija, akuti lero ndi lero. Bambo anakweza nsidze, chala chawo chinanjenjemera pamwamba pa makiyi, kenako anayang'ana dzanja lake. Iyayi. Mwezi unatha choncho.

"Vuto ndalidziwa," anatero a Besi. "Khodi lalikulu silingogwa kuchokera kumwamba. Umalikonzera njira. Iwe ukuyenda mizere iwiri ndi nsapato za pulasitiki, ndiye pakhomo penipeni ukufuna uvale zachikopa? Madala sangalole. Tiveke nyimbo yonse kuyambira pamutu."

Zinamveka zanzeru, ndipo n'zimene aliyense wodziwa jazi akananena. Anakhala masabata awiri akusula mizere iwiri yoyambayo. Pomwe panali khodi limodzi anaika awiri. Pomwe panali so anaika lotsetsereka lija. Kutsogolo kwa fa anaika kakhodi komuitanira. Itatha, a Besi anavula magalasi napukuta m'maso ndi nsanza ya girizi, n'kudzidetsa nkhope yonse.

"Akanakhala ndi manja awiri akanachita nsanje," anatero.

Palibe munthu anali atamuuzapo Mzime mawu otero. Anawanyamula popita kunyumba ngati dzira.

Madzulo amenewo bambo anayamba chuni, Mzime n'kulowa ndi zovala zatsopano. Balaza linadzaza. Kwa kanthawi nyumba inamveka monga inkamvekera amayi ali moyo. Bambo anawongoka msana. Koma chapakati pa mzere wachiwiri chala chinaphonya, chinabwerera, chinaphonyanso, n'kuima.

"Iyayi."

"Pati, bambo? Apa? Ndisinthe apa?"

"Iyayi. Iyayi."

A Besi atamva anawomba m'manja. "Adzuka! Akukuyesa tsopano. Kale ankangokulekerera poti panalibe chokonza. Ukamuona mphunzitsi akukuimitsa msanga, ndiye kuti wayamba kukuwerengera."

Mzime anakhulupirira chifukwa ankafuna kukhulupirira. Anasinthanso mzere wachiwiri. Bambo anayamba kuima kumayambiriro kwake. Anausinthanso, iwo n'kumaima kumapeto kwa mzere woyamba. Ankatuluka thukuta pamphuno, chala chamkombaphala chikuyendayenda m'malere pamwamba pa makiyi, Mzime n'kumati akumuwerengera nthawi. Supu anayambanso kusiya theka. Mayi wa mafizo anafunsa ngati akugona bwino, poti mwendo unali utayambanso kulemera. Lachinayi lina Mzime anapeza mpando wa piyano uli wokha, bambo ali chigonere, ndipo anachita kuwakoka.

Anayamba kuwada, ndipo ankachita manyazi ndi chidanicho. Ankawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwachapira zofunda, kenako n'kukhala pambali pawo kuti amukane. Tsiku lina analephera kudzigwira.

"Mukufuna chiyani kwenikweni? Dzanja ndi langali, lina ndilibe! Achimwene akubwera sabata yamawa. Mukufuna mukafere pansanjika yachinayi mukuyang'ana denga?"

Bambo anamuyang'ana, milomo ikugwedera. "Madzi," anatero. Anawabweretsera, koma sanamwe.

Loweruka Mzime anapita kwa a Besi osakhala pansi n'komwe.

"Amalume, mawa mubwere."

"Mwana wanga, mawondo angawa..."

"Mawondo omwewo amakufikitsani kuno tsiku lililonse. Ine makutu anga afika pothera. Inu munayimba nawo zaka makumi awiri, mukamva kamodzi mudziwa chomwe akufuna. Mukapanda kubwera, mudzawaonera m'bokosi, manja onse awiri atawapinda bwinobwino monga mukufunira."

Anabwera Lamlungu masana, atavala jekete la bandi lomwe linali litasiya kutsekeka pamimba, buledi ali kukhwapa. Ataona mnzawo anaima pakhomo nthawi yaitali. Kenako anadzikakamiza kuseka.

"A Manzere! Mwaonda bwanji, akukumanani chakudya?"

"Eya," anatero bambo, akumwetulira mbali imodzi. Ankamwetulira chomwechonso kwa wowerenga mita ya magetsi.

Anakhala pa piyano, bambo kumanja, Mzime kumanzere, a Besi ataima kumbuyo. Mzime anapereka makhodi olowera, okongola, otsetsereka. Bambo anagunda makiyi asanu ndi mmodzi n'kuima. Chala chinayamba kuyendayenda.

"Iyayi."

"Mwamva?" anatero Mzime. "Tsopano ndi pamenepa. Ndiike chiyani?"

A Besi sankayang'ana dzanja la Mzime, ankayang'ana la mnzawo. Anawerama, nang'ung'udza pansipansi makiyi atatu otsatira a chuni. Chala cha bambo chinatsika msangamsanga, chinawapeza onse atatu. A Besi anasiya kung'ung'udza. Chala chinaima, n'kuyambanso kuyendayenda.

"Tiye ukandipatse madzi," anatero a Besi.

Kukhitchini anatseka chitseko natsamira sinki. Nkhope yawo inali itagwa.

"Ndakulakwira, mwana wanga. Ndakulakwira kwambiri."

"Bwanji?"

"Sakukana khodi. Chuni chawathawa."

"Chawathawa bwanji?"

"Ndimawadziwa akamakana khodi. Amachotsa dzanja pamakiyi, n'kukuyang'ana m'maso mpaka ufune kulowa pansi. Apa chala chikufufuza. Mzere wachitatu uja unapita ndi sitiroko, anatsala ndi iwiri. Ndipo iwiriyo sankaikumbukira ndi mutu. Do, fa, so wako uja ndiye ankawayendetsa. Akamva fa, chala chinkadziwa kolowera, akamva so, chinkadziwa kobwerera. Ife tachotsa zonsezo. Tasuntha mipando m'nyumba ya munthu wosaona."

"Koma amayang'ana dzanja langa. Amati iyayi."

"Amayang'ana kuti liwauze njira. Iyayi uja amadziuza okha."

"Ndiye tsiku loyamba lija..."

"Ukanangowayimbira mzere wachitatu ndi dzanja lako lamanja, kapena ndi pakamwa. Mwina akanautola. Mwina."

Mzime ankaudziwa mzere wachitatu. Ankaudziwa kuyambira ali m'chikuta, akanatha kuuyimba ali m'tulo. Miyezi itatu yonseyi sizinamubwerere m'mutu ngakhale kamodzi kuti autulutse, chifukwa chuni chinali cha bambo, ndipo m'nyumba imeneyo munthu sankawauza a Manzere mmene nyimbo yawo imayendera. Anamva iyayi n'kumutenga kukhala wake, poti iyayi aliyense wa bambo kuyambira kale anali wake. Munthu ankamira pambali pake, akumuyang'ana dzanja kuti amuvuule, iye ali kalikiliki kufuna kukhoza mayeso. Anafuna kukuwa, kapena kuwaponyera a Besi ketulo, koma anangogwira m'mphepete mwa tebulo mpaka zala kuchita dzanzi.

"Zibwerera?" anafunsa.

"Bwerera pa atatu ako aja. Usawonjezere kanthu." A Besi anayang'ana pansi. "Sindikudziwa."

Sanathe kudutsanso pabalaza. Anatulukira khomo lakuseri, ndipo Mzime anawamva akumina kuseri kwa mpanda.

Anasamba kumaso nabwerera. Bambo anali pomwe anawasiya, dzuwa la masana likuwawomba paphewa. Anakhala kumanzere kwawo. Dzanja lake linafuna kupita lokha ku makhodi atsopano, poti linali litazolowera, ndipo anachita kulikakamiza kuti libwerere ku umphawi wake wakale. Do. Fa. So. Do. Anagunda mokweza, mosabisa, monga mwana wa kwaya.

"Tiyeni, bambo. Yachitatu."

Bambo anapendeketsa mutu, akumvetsera. Mzime anabwereza, ulendo uno akung'ung'udza chuni, mzere woyamba wonse. Anatenga dzanja lawo lamanja naliika pa kiyi woyambira. Chala chinakhala pomwe anachiika, chofunda, chomvera, osakanikiza. Anayimba yekha chuni ndi dzanja lake lamanja pamwamba pa lawo, mizere yonse inayi, koyamba m'moyo wake pamaso pawo. Bambo anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto.

"Tsopano inu," anatero Mzime. "Ine ndili pansi pano, sindisuntha. Lowani pomwe mukufuna."

Anayambanso makhodi olowera. Do, fa, so, do. Bambo anachotsa dzanja pamakiyi pang'onopang'ono, naliika pamwendo pamwamba pa lakufa lija. Anakhala mowongoka, monga amakhalira anthu amene apeza malo abwino kutsogolo. Anayang'ana kukhomo, nayang'ana wotchi yapakhoma, nayang'ananso kukhomo. Kenako anaweramira kwa Mzime, milomo ikulimbana ndi mawu, ndipo anatuluka onse, omveka bwino kuposa ena alionse chidwalireni.

"Wa piyano wachedwa."

Mzime anagwedeza mutu. Anabwerezanso do, fa, so, do, n'kubwerezanso, poti akanasiya akanayenera kuwauza kuti sabwera.